Chipinda Chokana Kufufutika

"Chikadalipo?" anafunsa a Chala, ataima kumbuyo kwa mpando wake.

"Chikadalipo," anayankha Ntchembere osacheuka.

Dzina limeneli anamupatsa ndi anzake a mu ofesi atabwerako kutchuthi chobereka, masabata awiri apitawo. Ntchito imene abwana anamupatsa lero m'mawa inkaoneka yophweka. Makompyuta akuluakulu a kampani yawo anawagawa m'zipinda, kasitomala aliyense chakechake. Kachipatala kena kanali katasiya kugwira nawo ntchito, ndiye chipinda chake, chimene pantchitopo amati nemusipesi, chinayenera kufufutidwa pamodzi ndi mayina onse a odwala. Ntchembere analamula kompyuta kuti chipindacho chifufutike nthawi ya eyiti. Tsopano inali kuthamangira leveni, koma pa sikirini pankangoonekabe kuti chikufufutidwa, ngati mlendo amene watsanzika kale koma akadali chilili pakhomo.

"Ndi kaloko chabe kakuchigwira," anatero a Chala. "Thyolani. Kungolemba mzere umodzi basi, chipita. Kapena mkaka wakwera ku ubongo, mayi?"

Ntchembere anaseka ndi mano okha. A Chala ndiwo ankagwira ntchito yake miyezi itatu yonse imene iye kunalibe, ndipo mayi wokolopa anamunong'oneza kuti bamboyo ankauza anthu kuti zinthu zinkayenda bwino nthawi imeneyo. Nanga lero chifundo chachokera kuti? Aka kanali kachitatu kubwera kudzamufunsa, munthu woti moni amachita kumukoka pakamwa.

Foni inanjenjemera patebulo. Anali mlamu wake: mwana wakana botolo, akungolira. Mabere anamulemera pomwepo. Mzere umodzi, ndipo akanatha kunyamuka.

"Ndione kaye chimene lokoyo akudikira," anatero.

"Mukufuna kuwerenga mchenga? Abwana akufuna lipoti isanakwane thwelofu."

"Kuthamanga sikufika, achimwene."

Anatsegula mndandanda wa zotsala m'chipindamo. Munali chinthu chimodzi chokha: disiki yosungira mbiri ya odwala. Loko ankadikira pulogalamu yosesa, imene imayenera kupukuta disikiyo kenako n'kumasula chitseko. Anaifunafuna pulogalamuyo, osaipeza. Anayang'ana m'kaundula wa zochitika. Inachotsedwa Lachisanu masana, ndipo pamzerepo panali dzina la a Chala.

Akanathyola loko, chipinda chikanazimiririka m'maso mwa aliyense, koma disikiyo ikanatsala kunja yokha, yodzaza ndi mayina ndi matenda a anthu, yopanda woiyang'anira. Tsiku lodzadziwika, kaundula akanatchula amene anathyola.

Kodi bamboyo anangophonya, tsopano akufuna kukwirira? Kapena anatchera dala? Anawayang'ana kumaso. Panalibe chowerengeka, koma kankhope kaulemu komweko.

"Wosesa uja anapita kuti?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ankadya malo pachabe. Ndinayeretsa."

"Ndiye mwina munaiwala kuti disiki iyi ikumudikira."

"Inu mukukulitsa nkhani. Tonse timathyola malokowa tsiku lililonse."

Ntchembere anatuluka mu akaunti yake, anaimirira, n'kuwakankhira mpando.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Khalani apa, lowani ndi dzina lanu, muthyole."

A Chala anayang'ana mpandowo ngati pali minga.

"Ntchitoyi anapatsa inu," anatero. "Ine ndimangothandiza."

"Zikomo, mwathandiza."

A Chala atachoka, Ntchembere anakhalanso pansi n'kulembera abwana mizere inayi: chipinda sichinafufutike, chikudikira pulogalamu imene inachotsedwa Lachisanu, ikabwezeretsedwa chichoka chokha, iye sathyola loko. Sanatchule munthu. Anangomata kachidutswa ka kaundula kaja m'munsi, n'kuika a Chala pa olandira nawo. Anawerenga kawiri, chala chili lende, kenako anatumiza.

Anakiya kompyuta, anayesa ngati yakiyikadi, n'kutenga chikwama. Ali pachitseko anacheuka. A Chala anali patebulo pawo, akulemba mofulumira, ndipo atangoona kuti akuwayang'ana, anapotoza sikirini kuti iloze kukhoma.

Ntchembere anabwerera, anazula kompyuta yake pamawaya kuti wina asathyole loko ndi dzina lake, n'kuiika m'chikwama pamwamba pa matewera.