Madzi a Mwini Impso

Dokotala Wirat sanapsatire mawu. Khansa imene anaipeza m'thupi mwanga inabwera ndi impso imene anandiika, ya mnyamata wina amene anafa pa ngozi ya njinga yamoto. Anati ndisiye mankhwala oletsa thupi kukana impsoyo, kuti thupi lizilimbana ndi matendawo, kenako aichotse. Ndibwerera ku makina osefa magazi.

M'mawa mwake ndinapereka mpunga kwa amonke achibuda odutsa pakhomo, monga mwa masiku onse. Kenako ndinatenga kabotolo kanga kamkuwa kuti ndithire madzi patsinde pa mango, mwambo wathu wotumizira wakufa madalitso. Akulu anga, a Lamyai, anandigwira dzanja.

"Ukumuthirirabe madzi munthu wokupatsa khansa? Bola uthirire mayi athu, iwo sanakupatse matenda."

"Ndisiyeni, achemwali. Mnyamatayo ankadziwa? Anayeza impsoyo ndi madokotala, osati iye."

"Nanga akaichotsa, uzidzamuthokoza chiyani?"

Ndinawayang'ana. Nthawi imene ndinkasowa impso, a Lamyai anapita kwa wolosera, n'kubwerako ndi uthenga woti chaka chimenecho nyenyezi zawo sizinkalola opaleshoni yoti andipatse impso yawo. Ndinali ndisanawakumbutsepo, koma tsiku limenelo anaziputa dala.

"Iye anandipatsa yodwala chifukwa ndi imene anali nayo. Inu muli nazo ziwiri zabwinobwino, ndipo zonse zikadali m'mimba mwanumo."

Anandisiya dzanja. Ndinathira madziwo pang'onopang'ono, iwo akuonerera, mpaka dontho lomaliza.