Chikhomo pa Manda a Virgil

Amene anakhoma chikhomo pa manda a mwamuna wanga Virgil ndi msuweni wake wapatali, Delmer Stallard, ndipo dzinalo ndikulitchula dala.

Delmer atapuma ntchito kumgodi wa malasha anasowa chochita, n'kuyamba kufukula mbiri ya Obadiah Stallard, kholo lawo lija linaoloka nyanja kudzagwetsa nkhalango kuno kumapiri a Kentucky. Manda a paphiri pathu ndi a zidzukulu za Obadiah ndi akazi awo basi. Malo anga alipo kale, pambali pa Virgil. Dzina langa analizokota pamwala, changotsala chaka chomwalira.

Tsiku lina Delmer anabwera kudzabwereka Baibulo lakale la banja, lomwe amalembamo ana onse obadwa. Ndinamupatsa, khofi ndinamuthiriranso. Kupusa kwanga.

Pa tsiku losesa manda mu Meyi, abale atayala nkhuku zokazinga pansi pa mitengo, iye anatsegula Baibulo lija. Anaonetsa aliyense kuti dzina la agogo ake a Virgil linalembedwa m'mphepete mwa tsamba, ndi inki ina, lopanda tsiku lobadwa. Akuti anali mwana wamasiye wochita kutola.

"Alamu, magazi sanama," anatero. "Amuna anuwa agona pamalo pa eni."

"Zaka makumi anayi akukutchetcherani udzu pano, za magazi simunamufunse," ndinamuyankha. "Fisi akafuna kudya mwana wake amati akununkha mbuzi."

Palibe anaseka. Azakhali a Oleta anavindikira mbale yawo n'kuzyolika. Enawo anandiuza mwaulemu kuti amusamutsira Virgil kumanda a m'tauni mwadongosolo, abusa ali pomwepo. Za malo anga palibe anatchula.

Lachiwiri ndinapeza chikhomo choonetsa pokumba, chomangidwa kansalu kofiira, kumutu kwa Virgil. Ndinachizula. Lachinayi chinali chitabwerera, ndipo m'munsi mwa phiri munali mutaima chigalimoto chokumbira, mkono wake utaloza kumtunda.

Ndinatenga mpando wa Virgil wa pakhonde n'kukauika pamalo anga aja. Ndimakhalapo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Akafuna kukumba, ayambire ine.

Tsono inu mukuwerenganu, ndiyankheni. Munthu amene analemba dzina la mwana uja m'Baibulo ndi dzanja lake, sankadziwa kuti sanamubereke? Ankadziwa, koma analemba. Nanga Delmer ndi ndani kuti afufute? Ndiyankheni msanga, poti woyendetsa chigalimotocho wati abwera Lolemba.