Denga la a Raimundo

Ine ndimagulitsa nsomba zouma pa kamsika ka m'mbali mwa msewu wopita ku Katondwe, ndipo sindine munthu woipa mtima. Ndayamba dala ndi mau amenewa, chifukwa mukamva mmene ndinkawakalipira a Raimundo mungandiganizire zina.

M'mawa uliwonse ndikafika ndi dengu langa pamutu, ndinkawapeza ali gone pansi pa chisakasa changa, penipeni poyala nsomba. Sankagona pamphasa ngati anthu ena ayi. Ankagona pa chitseko. Chitseko chenicheni cha mlombwa, cha loko wake, kiyi ali lende pa chingwe m'khosi mwao. Akadzuka ankachitsamiritsa pa mtengo wa masau, n'kuchipukuta ndi malaya mpaka kuwala.

"A Raimundo, ukani! Makasitomala azagula nsomba kapena azagula imwe?"

"Pepani amake Sandra, nichoka manje manje."

Manje manje waoyo, kutanthauza tsopano lino, ankatha nsomba zanga zitayamba kale kutuluka mafuta m'dengu.

A Raimundo anawoloka mtsinje kuchokera ku Zumbo, ku Mozambique, ali mnyamata, nakwatira a Lúcia a m'mudzi mwathu muno. Kwathu kuno mwamuna amakakhala kwa mkazi, pa malo a akuchikazi, ndipo amakhala mkamwini mpaka mano kutha m'kamwa. A Lúcia anamwalira chaka chatha osasiya mwana. Achibale ao anadikira bwinobwino kuti za maliro zithe, anawathokoza a Raimundo ndi mau okoma kwambiri, kenako anawauza kuti ukwati watha, akhoza kubwerera kwao. Kwao kuti? Ku Zumbo anapitadi, koma onse owadziwa anali atagona kale, ndipo anabwerera ndi bwato lomwe linawawolotsa. M'nyumba mwao anapeza mwalowa kale ena. Anangozula chitseko chao, chimene anachita kupala okha, n'kubwera nacho kumsika.

Mwezi wa Okutobala utafika, kutentha kuja koti mbuzi imakana kudutsa msewu, mitambo inayamba kusonkhana cha ku Mozambique. Chisakasa changa n'chodontha. Mvula ikanawapeza pamenepo, mkulu uja sakanaona chimanga chachiwisi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho nkhaniyi ndinapita nayo ku kabungwe kathu ka kutchalitchi. Chifundo chinalipo ndithu, koma chisakasa changanso ndinkachifuna.

A Whiteson, mphunzitsi wopuma amene amatsogolera kabungweka, sakonda kuchita zinthu mothamanga. Anati tisanathandize munthu, tipeze kaye gwero la vuto lake. Tinalifunafuna gwerolo masabata angapo pansi pa mtengo wa mango. Ena anati ndi kachasu, chonsecho a Raimundo ngakhale thobwa lowawasa amalikana. Ena anati ndi ulesi. Mai wina anati munthu wogona pa chitseko sangalephere kukhala ndi mankhwala, mwina usiku chimauluka. Chenicheni tonse tinkachidziwa, koma palibe anachitchula, chifukwa aliyense pamenepo anali ndi mkamwini wake kunyumba, kapena anali mkamwini iye mwini. A Whiteson nawonso amakhala kwa akazi ao. Nthawi yonseyi a Raimundo anali khale kutsidya kwa msewu, poonekera, ndipo palibe anaganiza zowaitana.

Gwero litatikanika, tinagwirizana kuti tingowamangira nyumba. A Margarida, mai wamasiye wa mtima wabwino ndi pakamwa pakuthwa, anapereka malo kuseri kwa khola lao, pafupi ndi msewu. Tinawaombera m'manja. Amuna anadula mitengo, ife tinaponda dothi n'kumata. Udzu ndiwo unavuta, popeza tchire lonse linali litapsa. Tinachita kupempha mtolo umodziumodzi khomo ndi khomo, wina mpaka ku Mburuma, wobwera panjinga. Koma denga linatuluka! Lozungulira, lokhuthala, lometedwa bwino m'mphepete. Ine ndemwe ndinalisirira.

Tsiku lopereka nyumba kwaya inavala yunifomu. Pakhomo tinamanga chitenje choti a Whiteson amasule, poti riboni tinalibe. A Whiteson analankhula mpaka ana kuyamba kulira. Kenako anawaitana a Raimundo, amene anafika chitseko chili pamutu.

Mkulu uja anachitula pansi. Anazungulira nyumba, kugogoda khoma, kuyang'ana denga, n'kugwedeza mutu movomereza. Ife tinali titakonzeka kale kululutira.

"Mwamanga bwino maningi," anatero. "Manje malo aya ni a ndani?"

"Ni a Margarida," anayankha a Whiteson. "Apereka na mtima umodzi."

"Zikomo amai. Nanga a Margarida azakhala na moyo mpaka liti?"

A Margarida anaponya chitenje cha paphewa pansi.

"Mwati chani imwe? Nakupasani malo, manje mufuna kuniika m'manda?"

"Iyayi amai, Mulungu akusungeni. Nifunsa chabe."

Apa ine mtima unandikwera. Zikhadabo zanga zinali zitatha ndi kumata, msana ukuwawa. Ndinawauza kuti ndi munthu wosayamika, kuti wopempha sasankha, ndi zina zimene sindingazilembe pano poti ansembe amawerenganso. A Raimundo anandidikira kuti ndimalize, maso ali pansi.

"Amake Sandra," anatero, "mu munzi muno namanga nyumba zitatu. Ya apongozi anga, ya alamu anga, na yanga na Lúcia. Zonse zikali chilili, palibe imene idontha. Muli kugona anthu. Ine nyumba sizinanisowepo. Chamene nilibe ni pansi poimika."

Palibe anayankha. M'katikati mwa zii ameneyo tinamva mau akuchokera m'nyumba yatsopanoyo. Anali Wesley, mwana wa mchemwali wao wa a Margarida, amene anabwera kuchokera ku Lusaka kudzacheza. Analowa m'mene kwaya inkaimba, kuthawa dzuwa, ndipo anali pafoni ndi mnzake, osadziwa kuti kunja kwakhala bata.

"Mwana, ka nyumba ka bwino, pafupi na msewu futi. Mudala wamene bafuna kuikamo ni wokalamba. Ba anti bakapita chabe, tizaikamo pulu tebo na ka filiji, pakhale pomwera."

Anatuluka akuseka, n'kupeza mudzi wonse ukumuyang'ana. A Margarida anatola tsache. Sindinadziwe kuti mai wa msinkhu umene uja angathamange chomwecho. Anamuzungulitsa khola kawiri konse, mbuzi zili balala, mpaka mnyamata analumpha mpanda n'kusiya nsapato imodzi. Anthu anaseka mpaka misozi, ngakhale a Whiteson.

A Margarida atabwerera, akupuma wefuwefu, sanaseke. Anakhala pa mtondo n'kunena motsitsa mau, "Akamba zoona a Raimundo. Nikali moyo ningamumenye uja. Nikafa, tsache azagwira ndani?"

Ine manyazi anandigwira, ndipo chisoni chinandigwiranso. Chaka chathunthu ndinkamudzutsa munthuyu m'mawa uliwonse, koma sindinamufunsepo kanthu kupatula kuti achoka nthawi yanji. Ndiye ndinafunsa.

"Nanga imwe mufuna kukhala kuti?"

Anayankha msanga, ngati yankholo analisunga kalekale. Anati kumapeto kwa mudzi, m'mphepete mwa msitu wa manda, pali kamalo kamiyala kopanda mwini. Palibe banja limalimapo, palibe amakafuna.

"Kuja sininaonepo mwana wa mlongo wa munthu abwera kuzapima malo," anatero.

A Whiteson anayesa kutsutsa, amvekere munthu wamoyo sayenera kuyandikana ndi akufa, koma sanapeze malo ena oti atchule. Kulikonse kumene ankaloza kunali kwa azimai a banja lakutilakuti. Tinapita kwa nduna ya mudzi. Nduna inaseka, inafunsa kawiri ngati mkuluyu ali bwino m'mutu, kenako inapita kukaponda malire pamaso pa anthu onse, n'kunena mokweza kuti malowo ndi a Raimundo, dzina lao, osati la mkazi kapena la mlamu.

Mitengo ndi dothi sizinavute, tinamanganso khoma lina. Koma udzu kunalibe ndi mtolo womwe, ndipo mabingu anali atayamba kugunda madzulo. A Whiteson anaimirira, nakonza kolala, nati mutu umodzi susenza denga. Kwa nthawi yoyamba chiyambire kuwadziwa, mwambi wao unali ndi ntchito. Tinamasula denga lija pa nyumba ya kwa a Margarida, amuna onse amphamvu analowa pansi pake, n'kulinyamula lathunthu.

Mukanaona! Denga likuyenda lokha mumsewu, pansi pakungooneka miyendo ndi mapatapata. Onyamulawo sankaona kutsogolo, choncho a Whiteson ankayenda chambuyo akuwalondolera, ndipo akati kumanja, theka linkapita kumanja kwao, theka kumanja kwa a Whiteson. Denga linalowa m'munda wa chinangwa, linatulukamo, linakankha njinga ya wogulitsa makala. Pofuna kuti mapazi agwirizane, kwaya inayambitsa nyimbo, ndipo poti katundu anali wolemera, inasankha yoyenda pang'onopang'ono, ija timaimba poperekeza maliro.

Tsono taganizani: gulu la anthu, nyimbo imeneyo, njira yopita kumanda. Azimai amene anali kumadimba anataya makasu n'kubwera akulira, manja ali kumutu. Mmodzi anandigwira mkono.

"Mayo ine! Ni ndani watisiya?"

"Palibe, tiperekeza chabe a Raimundo."

"A Raimundo! Mayo, munthu wa Mulungu uja! Anavutika, akapumule!"

Anadzigwetsa pansi n'kuyamba kugubuduka. Podzuka anakumana maso ndi maso ndi a Raimundo eni ake, akubwera pambuyo pa gulu, chitseko pamutu, n'kumupatsa moni mwaulemu. Mai uja sitinamuonenso mpaka Lamlungu.

Tinafika dzuwa litapendeka. Denga linakhala pakhoma ngati linabadwira pomwepo, amuna analimanga ndi luzi, ndipo a Raimundo analowetsa katundu wao yense, amene anali bulangeti, nkhwangwa ndi kapoto. Anthu anayamba kubalalika msangamsanga, aliyense akukumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi sanatsekere. Kunena zoona, malowo ndi ozizira msana. Mitengo ya kumanda ili pompo, yakuda bii, ndipo ngakhale mbalame za kumeneko zimalira mosiyana.

Ine ndinatsalira pang'ono kuti ndiwasiyire nsomba ziwiri.

"Simuzaopa kuno mweka?" ndinafunsa.

"Niope ndani? Aba sananipitikisepo."

Anandithokoza, kenako anayenda mpaka pamene malire ao athera, pamene msitu uyambira. Sanalowe, poti kumanda salowa wamba. Anavula chipewa. Ndinadziwa kuti a Lúcia agona chapafupi pomwepo, ndipo ndikanayenera kuchoka, koma ndinatsala kuti ndimvetsere. Mphepo ya mvula inali itayamba kuwomba, fungo la dothi lonyowa likuchokera kumtsinje.

"Lúcia," anatero, ndi mau wamba ngati akumuitana kuchokera kumunda. "Namanga futi. Iyi ni yanga, anipasa pamaso pa anthu. Zaka zonse zija ninali kwanu. Manje ukafuna, bwera ukhaleko kwathu."