Kabudula wa Pasikelo

"Yayi, amama, mwana ayambe wakwela sikelo," anatero Robson, wazaumoyo wa ku Mphamba, atanyamula kabudula wabuluu wa zingwe zazitali. "Phala tipatsa amene sikelo yaonetsa kuti watsika."

Tryphena anangofungatira mwana wake Pemphero. Iye ndi mwamuna wake anachokera ku Kasungu, nadumpha malire kudzalima fodya wa eni ku Mphambako, koma chilala cha 1992 chinawapeza konko. Mwanayo anali atawonda mpaka mkanda wa m'chiuno unkavuka wokha. Phala la soya lija Tryphena ankalifuna ndi mtima wonse. Koma kabudula uja!

Sikelo inali lende panthambi ya mango, ndipo mwana aliyense ankalowetsedwa m'kabudula yemweyo. Kwawo kwa Tryphena mwana wofooka savala chovala cha ana a eni, kuopa tsempho, matenda otupitsa ana aja. Anachita mantha, nayamba kumberekanso mwanayo kuti azipita.

"Mlamu wa ku Malawi, kabudula aluma?" anaseka Dainess, mnansi wake wapakamwa, amene anangobwera kudzaonerera.

Robson anayang'ana mzere wa amayi. Unali waufupi, ngati mwezi watha, chonsecho ana owonda anali mbwee m'midzi.

"Safunsa anadya phula," anatero motsitsa mawu. "Niuzeni, amama, sikelo inakulakwilani chani?"

"Sikelo ilibe mlandu, bambo. Koma kabudulayu wavalidwa ndi ana angati lero? Ndidziwa bwanji mmene makolo awo agonera?"

Dainess anasiya kuseka. Robson anakanda m'mutu, maso ali pa chitenje cha Tryphena.

"Nanga ico mwabelekela, cingamugwetse?"

"Chimugwetse lero, chikumusunga chibadwire?"

Tryphena anamanga mfundo yake yakumunda, yosamasuka ndi kuwerama. Robson anakoleka chitenje chopanda kanthu, nabweza muvi wa sikelo poyambira. Pemphero analowamo osalira n'komwe, poti fungo linali la amake. Muvi unayenda pang'ono, n'kuima.

"Watsika maningi," anatero Robson, "koma mwabwela nthawi ikalipo." Anamuthirira ufa wa phala m'mbale, ndipo Tryphena anamva mtima kukhala m'malo.

Potembenuka anaona Dainess ali pa liwiro, chitenje chili m'manja.

"Mlamu, kwagwanji?"

"Muuzeni asamasule sikelo!" anakuwa Dainess osacheuka. "Wanga wamng'ono ninamubisa ku nyumba!"