Phiri Silithawa

Chaka choyamba atapuma ntchito ya ukalaliki m'boma, a Dunstan ankasangalala ngati mwana wotsekera sukulu. Ankadzuka dzuwa litakwera, n'kukhala pakhonde pawo ku Likangala, phiri la Zomba lili poteropo. Iwo ndi mnzawo wakalekale, a Blaise, amene anapuma nawo mwezi umodzi, anapangana zodzakwera phirilo wapansi, akadye mabulosi pamwamba. Zaka makumi atatu anagwira ntchito m'tsinde mwake osakwerako n'kamodzi komwe.

"Tsopano nthawi ndi yathu, achimwene," ankatero a Blaise.

Koma anthu akaona munthu wakhala pansi, amamupezera chochita. Kutchalitchi anazindikira kuti a Dunstan ali ndi mawu omveka bwino komanso suti yakuda, ndiye anawapempha kuti awerenge mbiri ya malemu pamaliro amodzi. Amodziwo anabala ena. Pofika chaka chachitatu, kukagwa zovuta ku Zakazaka kaya ku Mbedza, anthu ankangoti, "Itanani a Dunstan, amangokhala aja." Nanga maliro munthu angakane?

Anatopa nazo. Chomwe chinkawawawa kwambiri n'chakuti mbiri za amuna anzawo zinkatha mofanana: anapuma ntchito chaka chakuti, kenako anayamba kudwala. Pakatipo panalibe kanthu.

Loweruka lina a Blaise anafika atavala nsapato zachinsalu, botolo la madzi lili kumanja. Anapeza mnzawoyo akumanga taye.

"Sabata yamawa, achimwene," anatero a Dunstan. "Phiri silithawa."

Phiri silinathawedi. Patatha miyezi iwiri, a Blaise anagwa m'bafa osadzukanso.

Mwana wawo Pauline anabwera ndi pepala, maso atatupa.

"Bambo, talemba mpaka pomwe anapumira ntchito. Kotsalako mumalize ndinu, munali mnzawo."

A Dunstan analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali, manyazi atawagwira. Kenako analemba bodza. Kumanda anawerenga mokweza kuti malemuwa atapuma ntchito anakwera phiri la Zomba wapansi limodzi ndi mnzawo, nadya mabulosi pamwamba mpaka milomo kuda. Atafika pamenepo, anthu ankangogwedeza mitu.

Asanapinde n'komwe pepalalo, mkulu wa mpingo anawagwira pamkono.

"Mwawerenga bwino zedi, a Dunstan. Mawatu kuli ena ku Mbedza."