Magazi Anga M'makina a Dokotala Zuhura

Mano anga akutsogolo anayamba kugwedera chaka chimene madzi anasefukira m'minda yathu ya mpunga ku Kaporo. Nkhama zinkatuluka mafinya, moti anthu pamsika ankagula mpunga wanga nkhope atayang'ana kumbali. Ndinkaopa kusanduka gogo wopanda mano ana anga asanamalize ndi pulayimale yomwe.

Ku boma kwa Karonga, kuseri kwa depoti, kunali kachipatala ka mano ka Dokotala Zuhura, mayi wa ku Mangochi. Atandijambula m'kamwa anandiuza kuti fupa logwira mano ladyeka, lasiya maenje. Anati adzang'amba nkhama n'kutsuka maenjewo, kenako adzatenga magazi pamkono panga n'kuwapukusa m'makina. Madzi achikasu oyandama pamwamba pake amakhala ndi tizidutswa topoletsa mabala, ndipo akawaika m'maenjemo fupa limatha kumeranso. Sanalonjeze kuti zitheka ndithu.

Kungomva za magazi, ndinachita mantha. Inali nyengo imene mphekesera za anamapopa zinali ponseponse, ndipo mwamuna wanga Ambokile ndiye ankatsogolera kuzifalitsa. Munthu woopa ndi nalimata yemwe, koma pakamwa ngati wailesi. Ndinangomuuza kuti ndikukatsukitsa mano. Linali bodza, ndipo sindikana.

Tsiku lake anandiperekeza, n'kukhala pabenchi panja. Dokotala anadzaza timabotolo tinayi ndi magazi anga, n'kutiika m'makina amene anayamba kulira ngati chigayo chakutali. Anandibaya jakisoni, mlomo wonse n'kuchita dzanzi, ndipo anayamba ntchito. Makina atasiya kulira anatulutsa timabotolo tija n'kutikweza m'mwamba kuti ationetsetse. Apo m'pamene ndinaona nkhope ya Ambokile pawindo, maso ali tong'o. Ndinafuna kumuitana, koma m'kamwa munali thonje ndi zitsulo. Nkhope ija inazimiririka.

Sipanapite nthawi, mwala woyamba unagwa pamalata. Panja panadzaza akabaza, oitanira minibasi ndi amayi ogulitsa nthochi, aliyense akukuwa m'chiyankhulo chake. Ndinkangomva mawu a Chitumbuka akuti ndopa, ndiwo magazi. Kenako wina anafunsa za petulo.

Dokotala anakiya chitseko n'kubwerera.

"Mayi, nkhama ndang'amba kale," anatero motsitsa mawu. "Ndikasiya pano, mano anu apita. Ndikapitiriza, sindikudziwa ngati chitsekochi chipirire. Mukuti bwanji?"

Kuyankhula sindikanatha. Ndinagwira dzanja lake n'kulikokera kukamwa kwanga. Musati kunali kulimba mtima. Ndinkangofuna mano anga, ndipo za moyo wa mayi uja ndinaziganizira pambuyo pake, zomwe zimandichititsa manyazi mpaka lero.

Anatenga zachikasu zija, zitayamba kale kulimba, n'kuziika m'maenje muja, n'kuyamba kusoka. Thukuta lake linkandidonthera pamphumi. Akumanga ulusi wachisanu, galasi la pawindo linasweka ndipo zidutswa zinagwera m'miyendo mwanga. Ndinatsinzina n'kuyamba kupemphera, koma pemphero lililonse linkathera panjira. Iye sanaime mpaka atadula ulusi womaliza.

Nditadzuka ndinadziona pakalilole. Mlomo unali lende, malovu akuchucha, magazi pachibwano ndi pabulauzi. Ndinkaoneka ndendende ngati munthu amene amupopa, ndipo ndinadziwa kuti akandiona chonchi akhoza kuyatsa moto. Koma panalibenso wina woti atuluke. Ndinatola timabotolo tija, pansi pake patatsala magazi ofiira, n'kutsekula chitseko.

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Ndinayesa kufotokoza, koma mawu ankatuluka ngati a chidakwa, ndipo wina anati zoonadi, mayiyu amuledzeretsa. Ena anayamba kusendera kuchitseko. Apo mantha anga anasanduka mkwiyo. Ndinalunjika kwa Ambokile, ndinamutambasula dzanja n'kumuikamo timabotolo tonse tinayi.

"Bambo a Ipyana," ndinatero liwu limodzilimodzi, ndikumutchulira dzina la mwana wathu, "ndopa zanga ndi izi. Zotsala zili m'kamwa mwanga momwemu. Palibe waba kanthu. Nyamulani tizipita."

"Yayi, mama, ine ndimayesa kuti..."

Mayi wina wa nthochi anayamba kuseka, poona bambo wamkulu atafumbata magazi a mkazi wake osadziwa pokawaika. Kusekako kunafalikira, ndipo anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Yemwe anali atabweretsa petulo anangomuthira m'njinga yake yamoto n'kumapita.

Patatha milungu iwiri ndinabwerera kukachotsa ulusi. Ndinalowera khomo la kuseri, ndipo katundu yense anali kale m'makatoni. Dokotala anali atakonza mbali ya kumanzere yokha, ya kumanja inkadikira mwezi wotsatira. Ndinagwada n'kumupempha kuti akhaleko pang'ono. Anandidzutsa mwaulemu n'kundiuza kuti masiku ano ngakhale bango likagwa pamalata, chitsulo chimamupulumuka m'manja, ndiye sangagwirenso m'kamwa mwa munthu kuno.

Mano a kumanzere analimba, ndimatafunira ndi nzimbe zomwe. Awiri a kumanja anaguluka chaka chatha, limodzi ndikudya chimanga chootcha. Ambokile akandiona ndikuseka amaweramitsa mutu, ndipo ine sinditseka pakamwa.