Ngolo ya Belita

Maganizo ogula ngolo anali a Belita, osati a mwamuna wake, ndipo mudzi wonse wa kwa Kaduya unkadziwa zimenezi.

Julius, mwamuna wakeyo, anali mkamwini wofatsa wochokera kuseri kwa phiri la Michesi. Anagwira ntchito zaka zinayi kumigodi ya ku Joni, n'kubwerako m'chaka cha 1947 ndi chifuwa chosamva mankhwala komanso kandalama kamene ankafuna kugulira malata. Awiriwa ankalima fodya ndi nandolo, ndipo anali ndi mwana mmodzi, Edina. Nthawi yogulitsa ikakwana ankachita monga anzawo onse, kupita ku Migowi kwa Che Wahabu, wamalonda amene anali ndi ngolo ziwiri za hayala, kukapangana tsiku.

Che Wahabu sanali munthu wovuta. Vuto linali lakuti aliyense ankafuna ngolo sabata imodzimodziyo. Chaka chimenecho tsiku la Belita linasunthidwa katatu, chiperoni chinagwa masiku asanu osalekeza, fodya n'kuchita nkhungu ali m'chigafa. Atafika naye kumsika, wogula anangonunkhiza tsamba limodzi n'kukankhira mtolo wonse pambali ndi phazi. Belita anangotembenuka n'kubwerera kunyumba.

Belita ndi Julius anakangana za ngolo miyezi iwiri. Julius ankati ngolo imagwira ntchito masabata awiri pa chaka koma ng'ombe zimadya tsiku lililonse. Zikadwala, kapena wilo likathyoka, mutu umawawa ndi wa mwiniwake, pamene wa hayala amangolipira ulendo wake n'kumapita. Belita ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ankatinso ngolo ikakhala pakhomo, anthu a kwa Kaduya adzasiya kuyenda mtunda wonse wa ku Migowi, azidzachita hayala kwa iwo.

"Mayi a Edina, ine ndinkangofuna denga losadontha," anatero Julius tsiku lina akupalira. "Koma munda ndi wanu, mudzi ndi wanu. Tigule."

Anapeza ngolo yakale ya mawilo achitsulo kwa munthu wina wa ku Fort Lister, pamodzi ndi ng'ombe ziwiri zozolowera goli. Ndalama za ku Joni zinathera pomwepo. Chaka cha 1948 zinthu zinayenda monga Belita ananenera. Fodya anafika kumsika tsiku loyamba ali wabwino, anansi anabweradi kudzachita hayala, ndipo Lamulungu lina banja lonse linapita kutchalitchi pangolo, anthu akupatuka m'njira.

Kumapeto kwa chakacho mvula inagwa bwino, anthu n'kubzala. Itayandikira Khirisimasi inadula. Januwale yense kunali dzuwa lokhalokha, chimanga n'kuumira chili m'mawondo. Fodya sanapirire, nandolo anayoyola maluwa. Nthawi yokolola inafika ndi kudutsa, ngolo ili pansi pa mtengo wa mango, chifukwa m'mudzi monse munalibe choti n'kunyamula.

Msipu unatha, madzi mumtsinje wa Phalombe n'kutsala m'zithaphwi. Mu Okutobala ng'ombe imodzi inagona osadzukanso. Anaisenda, koma inali mafupa okhaokha. Inayo anaisinthanitsa ndi madengu awiri a madeya, poti aliyense ankagulitsa ziweto ndipo wogula kunalibe. Belita anapita yekha ku Migowi kukapempha Che Wahabu kuti agule ngoloyo. Mkuluyo anamutengera kuseri kwa sitolo n'kumuonetsa ngolo zake ziwiri, nkhuku zitaikiramo mazira.

"Ndigule kuti ndinyamule chiyani, achemwali?" anafunsa motsitsa mawu. Kenaka anamupatsa makaka a chinangwa odzaza mpango, osamuuza za kubweza.

Ngoloyo inapezabe ntchito. Maliro anachuluka, ndipo amuna analibe mphamvu zonyamulira chithatha mpaka kumanda. Ankabwera m'mawa, kuodira pakhomo, kugwira pamene pankakhala goli n'kumaikoka ali anthu anayi kapena asanu. Palibe ankalipira, ndipo Belita sakanalandira. Ikabwerera ankaisesa ndi tsache, popeza madzi otsukira kunalibe. Azimayi ena anayamba kunong'ona kuti anagula chinthu choitana imfa.

Mu Disembala amuna ambiri ananyamuka kukasuma chakudya kwa Apwitikizi, kumene kunachokera makolo awo. Julius anati apita nawo, ngakhale kuti chifuwa chinali chitamufooketsa moti ankapuma kawiri asanafike kuchitsime. Belita anamuperekeza mpaka pamphambano. Pamenepo anafunsa zimene zinkamudya mumtima chaka chonse: ngati Julius ankamuimba mlandu.

Julius anatsokomola nthawi yaitali asanayankhe. "Malatawo tikanadya?" anatero. "Bwererani, mwana ali yekha."

Mayi ndi mwana anakhalira mango aawisi ophika, zitsa za nthochi ndi phala lolandira pamzere. Miyendo ya Belita inatupa, tsitsi la Edina n'kufiira, koma sanafe. Mvula inabwerera, ndipo anabzala mbewu yochepa yogawidwa.

Mu Febuluwale Kaliati, mmodzi wa amuna amene anapita ndi Julius, anafika ndi kathumba ka mapira. Anakhala pansi osalowa m'nyumba. Anati Julius anagwira ganyu masiku asanu ndi limodzi m'munda wa munthu wina kuseri kwa malire, ndipo mapirawo ndiwo malipiro ake. Pobwerera analephera kuyenda, anzakewo n'kumusiya m'mudzi wina kwa anthu olankhula Chilomwe. Kaliati atabwererako patapita sabata, anamupeza ataikidwa kale.

Belita anafunsa dzina la mudziwo. Kaliati anaganiza, n'kunena kuti sanafunse. Ankangokumbukira kuti panali mtsinje wouma ndi mitengo ya migwalangwa. Belita anafunsanso ngati Julius anasiya mawu. Kaliati anayang'ana pansi, nati munthuyo anali atasiya kale kulankhula.

Belita anamuthokoza, n'kulowetsa mapirawo m'nyumba. Analira pang'ono, chifukwa mphamvu zolirira maliro analibe, ndipo pamudzipo panalibe khomo lopanda womwalira. Dzuwa litapendeka anatenga khasu n'kupita kumunda, kumene udzu unali utayamba kupitirira chimanga.